Ndikalowa M'tchalitchi ndi Miyendo Yanga

Lolemba, 22 Disembala

Ndafika kwathu! Mbulumbuzi ali momwe ndinamusiyira. Ndodo yanga ndaisiya dala ku Limbe, ndatenga ambulera wamkulu. Nyengo ya mvula ino palibe amene amafunsa munthu chifukwa chake watsamira ambulera. Nzeru ndili nazo, zimenezo palibe angatsutse.

Cholinga n'chimodzi: Lachinayi, pa Khirisimasi, ndikalowa m'tchalitchi ndi miyendo yangayi, mudzi wonse ukuona. Kuno munthu akachoka m'tauni akudwala amati wabwera kudzafera kwawo. Achimwene anga anabwera chomwecho, ndipo pano ali kumanda. Ine sindinabwerere zimenezo. Anga ndi matenda a mitsempha, adokotala a ku Blantyre amawatcha multiple sclerosis. Dzina la Chinyanja alibe. Mutu umatuma, miyendo imamva mochedwa. Sapatsirana, sathamangira kupha. Mdani wawo wamkulu ndi kutentha: thupi likangotentha, miyendo imalefuka.

Malamulo anga a sabata ino:
Madzi osamba, ozizira okhaokha.
Masana, tulo pamthunzi.
M'mawa uliwonse kuyenda. Mawa pa mjigo, mkuja pa chigayo, Lachinayi ku tchalitchi.
Chifundo, ayi!

Koma minibasi ija! Kutentha ngati mu uvuni wa njerwa. Ndikutsika pa siteji, mwendo wamanzere ukukana, ndikudzandira. Mayi wina wogulitsa tomato akuti: "Dzuwa lili pamutu chonchi, kachasu!" Mtima wanga mbee. Woledzera ndi munthu wamoyo.

Amayi andiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi, kenaka athamangira kukitchini. Madzi osamba abwera akufuka nthunzi. Ndikuwasiya kuti azizire. Amayi: "Azizira amenewa, ndikawonjezere." Ndasamba. Mlendo sakana madzi tsiku loyamba, ndiyamba mawa.

Lachiwiri, 23 Disembala

Pa mjigo ndafika! Ine ndi ambulera, wina wachitatu palibe. Koma ndikungotulukira, macheza a amayi otunga madzi zii. Moni wake wa kumaliro: "Mwadzukako?" Ndadzuka, mayi, ndipo ndabwera wapansi! Akundiyang'ana m'khosi, akuyeza ngati ndaonda. Sindinaonde. Diresi la chaka chatha likundithina, ndipo ndawauza.

Tulo ta masana palibe. Ozonda matenda ayamba kufika. Aliyense agwade, andigwire dzanja, afunse mmene ndagonera, ine ndiyankhe, nanenso ndimufunse mmene wagonera iye, ana ake, mbuzi zake. Wodwala kuno samwalira ndi matenda, amamwalira ndi moni.

Zimene andibweretsera:
Nkhuku yoyera.
Thobwa.
Mizu yowawa, mitundu yake sindikuidziwa.
Nkhani za anthu onse amene anafa chaka chino, ndi mmene aliyense anayambira.

Ndikuwafotokozera bwinobwino, ngati mphunzitsi. Ndi mitsempha basi. Onse akugwedeza mitu mwaulemu. Gogo wina pakona: "Achimwene anunso ankati n'chifuwa chabe."

Ndagwira tsache kuti aone. Amayi alanda. Ndagwira lichero. Alanda. Madzulo madzi otentha. Ndakana. Amayi: "Ukufuna anthu anene kuti ndikusambitsa wodwala madzi ozizira?" Ndasamba. Palibe kanthu, masiku alipo.

Lachitatu, 24 Disembala

Chigayo chidikire. Ndisanavale n'komwe nsapato, afika amayi aang'ono kuchokera ku Mpama, mtolo wa masamba a bulugama pamutu, bulangeti kukhwapa. Munthu ameneyu anathowapo mudzi wonse, ndipo amene anachira amawadziwa ndi mayina. Amene sanachire sawatchula.

Agwira phazi langa. "Kuzizira chonchi! Matendawo ndi amenewa."

Ndikuti: amayi aang'ono, kutentha ndi kumene kumandipweteka.
Akuti: "Mankhwala osapweteka ndi thobwa."

Mphika pamoto. Masamba mumphika. Ine pansi pa bulangeti pamodzi ndi mphikawo, amayi awiri a mpingo atagwira m'mphepete kuti nthunzi isathawe, kapena kuti ine ndisathawe. Kenaka nsalu yotentha pa mawondo, pa akakolo, pa msana. Ndikukuwa. Akuyimba.

Zotsatira zake:
Miyendo ngati matumba a chimanga.
Diso lamanja likuona nkhungu.
Popita kuchimbudzi, anthu awiri m'mbali.

Amayi aang'ono akondwa kwambiri: "Mwaona? Akutuluka." Adya nkhuku yanga yoyera ija, abwerera ku Mpama.

Koma sindine munthu wogonja. Zimenezi ndikuzidziwa, thupi likazizira miyendo imabwerera. Mawa ndidzuka kukadazizira, ndinyamuka pang'onopang'ono, adzandipeza nditakhala kale pa benchi. Diresi ndasita nditakhala pansi. Mawa aona!

Lachinayi, 25 Disembala

Aona.

Diresi labuluu, duku watsopano, nsapato zakuda. Ndaima. Ndayenda. Ndafika pa nkhokwe. Ndakhala pansi, osati mwa kufuna kwanga. Matope ake ofiira aja.

Amalume atulukira ndi njinga, pakaliyala atamangapo pilo. Ndikuti chabwino, koma mupalase msanga tidutse anthu asanazindikire. Iwo ayi. Wodwala sathamangitsidwa. Akukankha wapansi, belu ngiri ngiri njira yonse: "Pambukani, odwala! Pambukani!" Anthu akutuluka m'nyumba kudzapambuka, oti sanali n'komwe panjira.

Ndasintha cholinga tili m'njira. Kuyambira pakhomo la tchalitchi mpaka pa benchi, pamenepo pokha ndiyenda ndekha. Ndikutsitsa phazi. Madikoni afika ndi mpando wa abusa, wa khushoni uja. Andikhazika, andinyamula m'mwamba. Ndalowa m'tchalitchi mapazi ali lende, mudzi wonse ukuona.

Abusa andipempherera nthawi yaitali kuposa Mwana wobadwayo. Akuti Ambuye alimbitse mtima wa amayi anga, "amene ayendanso njira yomwe ija." Amayi aweramitsa mutu. Zandipweteka, sindinama. Ndalusa, ndayimba nyimbo yotsatira mokweza kuposa kwaya kuti amve mapapo anga. Kumbuyo kwanga wina akusisima: "Amatero ndithu akatsala pang'ono kutisiya, amayimba chonchi."

Kunyumba mpunga ndi nyama ya mbuzi. Ine phala. PHALA! Pa Khirisimasi! Ndadikira amalume atembenuke, ndatenga nthiti m'mbale mwawo. Manjawa alibe vuto.

Lachisanu, 26 Disembala

Amalume akhala pa mphasa yanga m'mawa, chipewa pabondo, mawu otsika. Akungofunsa, akuti, kungofunsa chabe: makina anga osokera aja ali ku Limbe, amene akuwayang'anira ndani? Nanga mipando? Ndawauza kuti ndikuwayang'anira ndine, ndipo Lolemba ndili pa ntchito. "Eya, eya. Mulungu ngwamkulu."

Nsapato zanga zakuda ndazipeza m'mapazi mwa msuweni wanga. Akuti akungoyesa.

Madzulo amayi abwera ndi ndowa ikufuka nthunzi, ndipo ine chandikwera. Ndakalipa mpaka nkhuku kuthawa pakhonde. Ndati madzi anuwa ndi amene akundigwetsa! Ndanena Lachiwiri, ndanena Lachitatu, simukumva! Mukufuna ndikhale ngati achimwene kuti mitima yanu ikhale pansi?

Mawu oipa. Ndawamva akutuluka, koma kubweza kunalibe.

Amayi aika ndowa pansi. "Mchimwene wako ndinamusambitsa otentha mpaka tsiku lomaliza. China chimene ndimadziwa n'chiyani?"

Atuluka. Ndakhala ndi ndowayo mpaka yazizira yokha. Ndikuchita manyazi kwambiri, ndipo sindikudziwa poyambira kupepesa.

Loweruka, 27 Disembala

Pakhomo pa bafa pali ndowa. Ndaviikamo chala. Ozizira! A pa mjigo enieni, oluma mano. Amene waika sakuoneka, sakulankhula, akupalira chimanga kuseri kwa nyumba ngati udzuwo unamulakwira.

Ndapita ndi ambulera mpaka m'mphepete mwa munda. Ndati pepani amayi. Khasu khwa, khwa. "Dzuwa likutuluka, kakhale pamthunzi." Ndiye kuti amva.

Masana mvula. Kwazizira bwino. Nkhungu ya m'diso yapita. Zala za kuphazi zikuyankha ndikaziitana, chachikulu chokha n'chimene chikuchita mwano. Ndazungulira nyumba, mboni palibe, onse abisala mvula.

Cholinga chatsopano: mawa ndi Lamulungu, tchalitchi chilipo, anthu ake omwe aja. Khirisimasi inali yoyeserera chabe. Mawa ndiye mawa!

Madzulo amalume abwera ndi uthenga wa akulu a mpingo. Akhumudwa ndi mmene ndinavutikira Lachinayi. Agwirizana kuti mawa ndisadzivute. Akaweruka, mpingo wonse ubwera kudzandipempherera pompano. Ine ndingogona. Kwaya yaphunzira kale nyimbo zake.

Lamulungu, 28 Disembala

Onse apita ku tchalitchi. Kumwamba mitambo, kamphepo kozizira. Miyendo, zoona, ili bwino kuposa masiku onse! Ndi mmene alili matendawa, amadziwa tsiku lopanda oonerera.

Ndatuluka. Pa mjigo, palibe munthu. Ndapitirira. Pa chigayo, chotseka, pakhonde pagona mbuzi. Ndaima pamenepo ndi ambulera wanga, mayi wa diresi labuluu, wafika wapansi. Mbuzi ikubzikula. Ku tchalitchi n'kutali ndithu, miyendo yanena, ndipo lero sinditsutsana nayo. Mudziwu ukhale ndi maganizo ake. Ndidzawatsutsa pongokhala ndi moyo, ngakhale njira imeneyi ndi yochedwa.

Ndikutembenuka. Pansi pa mtengo wa mango, amayi, m'zovala za ku tchalitchi, Baibulo kukhwapa. Sanapite. Akhala akunditsata kuchokera kunyumba, patali pang'ono.

Sandigwira mkono. Tikubwerera, iwo patsogolo, ine pambuyo.

"Kayendedwe n'ka bambo ako akachoka ku mowa," akutero osacheuka. "Koma n'kuyenda."

Ndikuti ndiye mukawauze anthu.

"Adzati ndi chikondi cha mayi. Abwera ndi nyimbo zawo, ukagone pa mphasa, usawachititse manyazi."

Chabwino. Ndigona, ndifunda, ndinena ameni. Mawa minibasi ya ku Limbe.

Tafika pakhomo. Amayi aima, ayang'ana mulu wa mbale za dzulo pa thandala, ayang'ana ine.

"Usanagone, katsuke mbalezo. Wakhala sabata yonse ngati mlendo, iwe."

Ndatsuka. Ndalira pang'ono, koma ndatsuka zonse, mpaka mphika wa bulugama.