Dayamondi wa Alamu

Lolemba

Alamu anga a Saidi, amene amagwira ntchito kuhotela ku Makokola, afika ndi kamphatso. Kachitsulo kaphanthiphanthi, kakang'ono ngati sopo wotsala pang'ono kutha. Akuti kanaiwalidwa ndi mzungu wina wokonda zosemasema, n'konolera, ndipo pamwamba pake anamatapo fumbi la dayamondi. Dayamondi m'nyumba mwa ine!

Kafika pa nthawi yake. Apadiri athu kuno ku Malindi andipempha zoikapo makandulo ziwiri za paguwa, zikhale zitatha Lamulungu, poti kukubwera abishopu. Zipika za phingo ndili nazo kale. Matchizulo okha ndiwo abuntha.

Dongosolo: lero kunola, mawa kusema, mkuja kusalaza. Masiku otsalawo kulandira ulemu.

Ndakhala pansi pa mango, kachitsulo pabondo. Ndikakapendeketsa padzuwa kakuthwanima ngati usipa m'madzi. Lero sindinanole. Ndangokayang'ana.

Lachiwiri

Kakudya chitsulo mwakachetechete! Timadontho ta madzi, kukhwekhwereza pang'ono, basi tchizulo chayamba kumeta ubweya wa pamkono. Mwala wanga wakale wa kumtsinje ndautaya kuseri kwa nkhokwe.

Alamu anati mzungu uja ankamalizira pachikopa. Chikopa pakhomo pano n'chimodzi: lamba wanga wopita naye kutchalitchi. Ndamukhomera pamtengo, ndikupukutapo, uku ndi uku.

Ndikuziona kale. Abishopu aima paguwa, anyamula choikapo kandulo, akufunsa kuti mmisiri ameneyu ndani. Kenako kasitolo kanga m'mbali mwa msewu wa ku Makokola, ndege zikutera, azungu a mawondo ofiira ali pamzere.

Akazi anga, amake Estere, amene amandikokera chingwe cha makina osemera kuti chipika chizizungulira, adikira mpaka dzuwa kupendeka. "Mkono wamanzere mwaumaliza. Nanga mtengowu muumeta liti?"

Lachitatu

Amake Estere akuti anangouzako mnzawo mmodzi kuchigayo. M'mawa uno pabwalo pali:

mipeni yotumbulira chambo,
nkhwangwa ya osema bwato,
sizasi ya atelala,
lumo la ashehe,
khasu. Khasu!

Ndikana bwanji? Aliyense akufuna akagwire kaye. Mayi wina wakakhudzitsa pachipumi pa khanda lake, akuti mwina lidzalemera. Atelala abweranso masana kudzandiuza kuti nsalu ikungodzidula yokha. Mumtima zii, kukoma.

Chipika chili pomwe ndinachisiya. Nkhuku yakhalapo.

Lachinayi

Nkhani yanenepa m'njira. Kumsika akuti ndili ndi dayamondi wamkulu ngati dzira la bakha, ndipo ndinadutsa naye pa malire a dziko ku Chiponde nditamubisa m'tayala la njinga. Ine amene njinga ndilibe.

Masana ndayamba kusema. Amake Estere akukoka, chipika chikuzungulira, timapalapala takuda tikugwa topotanapotana ngati tsitsi. Tchizulo chikulowa ngati m'papaya lakupsa. Maganizo anyamuka: abishopu, ndege, chikwangwani cholembedwa dzina langa ndi penti wabuluu, amake Estere atavala nsapato zatsopano akulandira alendo...

Podzidzimuka, khosi la choikapo kandulo laonda ngati bango. Lathyoka ndikuliyang'ana.

Amake Estere aika chingwe pansi, apita kokathyola ndiwo.

Lachisanu

Afika atcheyamani a chipani a nthambi yathu, pambuyo pawo anyamata awo a malaya ofiira. Ayamba ndi khadi la chipani. Ndaonetsa. La amake Estere. Taonetsa. Akhala pampando wanga, apukuta thukuta.

"Chuma cha pansi pa nthaka n'cha boma, bambo. Tulutsani."

Alipo anatengedwa pa nkhani zochepa kuposa iyi, ndipo kwawo akuwadikirabe.

Ndatulutsa. Akatembenuza, akanunkhiza, akaluma pang'ono pakona. Ndafotokoza za alamu, za mzungu, za fumbi. Kuti akhulupirire ndawanolera kampeni kawo ka m'thumba. Adzimeta pamkono, nkhope yamasuka. Ati nkhaniyi si yaing'ono, kachitsuloka kapite kakafufuzidwe. Kalowa m'thumba la malaya awo.

Ndawathokoza. Ndawaperekeza mpaka kumsewu ndikuthokozabe.

Loweruka

Chipika chachiwiri, chomaliza. Phingo sachedwa kubunthitsa chitsulo. Ndathamangira kuseri kwa nkhokwe, mwala wakale kulibe. Amake Estere anapatsa anansi, pano ndi fuwa, pakhala mphika wa nyemba.

Watsala lamba. Ndikupukutapo katchizulo kakang'ono, kokhako kamene kadakali kakuthwa. Katerereka. Malamba tsopano ndi awiri, onse aafupi.

Pofika madzulo chatuluka chinthu chimodzi, chachifupi, chonenepa m'chiuno. Amake Estere achiyang'ana mbali zonse. Akuti ndikachiboola pang'ono chikhala kamtondo kabwino ka tsabola.

Podutsa kwa atcheyamani ndaona anthu pabwalo, wina mpeni, wina nkhwangwa. Kufufuza kuli mkati.

Lamulungu

Makandulo aima m'mabotolo awiri okulungidwa ndi nsalu yoyera. Akuyaka bwinobwino. Abishopu sanayang'anepo n'komwe. Ine ndakhala kumbuyo, buluku nditalimanga ndi chingwe cha ukonde. Poimirira nyimbo, dzanja lina pabuku, lina m'chiuno.

Potuluka apadiri andigwira paphewa. Ndayamba kufotokoza, andidula. "Musavutike. Pasaka ikubwera." Kenako ayang'ana uku ndi uku, atsitsa mawu. Akuti mpeni wa kunyumba ya ansembe wabuntha, ukungophwanya buledi, ndiye poti ine ndi atcheyamani tikudziwana tsopano, kodi sindingawatengereko?

Ndavomera. Mawa ndilawirira kuti ndikapeze malo kutsogolo kwa mzere kwa atcheyamani. Nditenga ndi matchizulo anga.