Maeyisi Atatu ndi Mabulangeti Asanu

Inu, khalani kaye pansi, matatu iyi, minibasi ya kuno ku Kenya, sidzadza msanga. Ndikuuzeni chifukwa chake a Lwitiko, amuna anga, dalaivala wathunthu wa bungwe la azungu, masiku ano amanunkhira sopo Loweruka lililonse.

Bambo a Melissa amenewa ali ndi matenda amodzi: akapeza chabwino amadandaula. Tsiku la malipiro amalowa m'nyumba akuusa moyo ngati akuchokera kumaliro, "Mayi a Melissa, dziko lavuta." Ndikangomva choncho ndimanyamula chikwama, ulendo kumsika wa ku Ngong kukagula nyama. Akalowa akuimba mluzu ndiye ndimadziwa kuti m'thumba muli mphepo yokhayokha.

Anzawo akuntchito anawaphunzitsa masewera a makadi otchedwa poka. Mwezi wathawu anamva kuti kukalabu ina ku Parklands kuli mpikisano Loweruka masana, ndipo wopambana atenga makina ochapira zovala. Inu, ine ndili ndi Melissa, kumbuyo kwake mapasa. Taonani manjawa mmene asupukira ndi matewera!

"Makinawo ndi anu kale," anatero. "Sesani pakhonde poti tidzawaike."

"Nanga mukaluza?"

"Ndikaluza ndizichapa ndine Loweruka lililonse mpaka Khirisimasi."

Sindinachedwe, ndinaitana aneba kuti akhale mboni. Tsikulo litafika ana ndinawasiya kwa aneba omwewo, tonse awiri uyo ku Parklands.

Tangofika, mtsikana woperekera zakudya anabwera ndi mbale ya nyama yowotcha, amati nyama choma, ndi chapati. Apa chimalawi chinawagwira a Lwitiko. "Ayi zikomo, ndadya kale." Mwadya chiyani, bambo, tiyi wam'mawa uja? Iwo amadikira kuti awakakamize kachiwiri, kachitatu, monga timachitira kwathu, kuti alandire mwaulemu. Mtsikanayo anangoti "Sawa," kutanthauza kuti chabwino, mbale n'kubwerera nayo. Kuno ku Kenya ukakana wakana. Ine ndinadya yanga, ndinapemphanso ya iwo.

Masewerawo ali chonchi: aliyense amapatsidwa makadi awiri obisa, ndipo patebulo amavundukula ena asanu, poyamba atatu, kenako limodzilimodzi. Nthawi iliyonse ukhoza kuponya timakobidi tapulasitiki pakati kuti mnzako alipire kapena athawe. Ukafuna kuti kadi lina libwere ulere, umangogogoda patebulo. Timakobidi tikakuthera, uzipita kwanu.

Koma ndisaname, bambowa anasewera. Anthu makumi anayi anayamba, anthu anagwa ngati mango amphepo, pofika folo koloko patsala awiri: a Lwitiko ndi Mama Njoki, mayi wachikikuyu wogulitsa matayala, magalasi ali pansonga ya mphuno, akungotafuna mtedza. Timakobidi tawo tinali tofanana, mayiwo kuposerako pang'ono. Makina aja ali pakona apo, atamangidwa kansalu kofiira. Ine n'kuti nditawapatsa kale dzina.

Anagawa makadi. A Lwitiko anasuzumira awo, n'kuusa moyo. "Eee, dziko lavuta."

Mtima wanga unadumpha. Malipiro afika! Anali maeyisi awiri, makadi oposa onse. Ndinati chamumtima, ponyani bambo, ponyani! Iwo go, go, kugogoda. Patebulo panagwa eyisi, faifi ndi naini. Maeyisi atatu tsopano! A Lwitiko anagwira tsaya, kupukusa mutu, kuyang'ana kudenga ngati munthu woti mbuzi zamudyera chimanga. Go, go. Nzeru zawo zinali zoti aoneke osauka kuti mayi aja alowe okha mumsampha, aponye kaye ndiwo.

Muholo monse munali zii. Pomwepo mimba ya a Lwitiko inalira, inu, ngati lole yokwera mapiri a Ngong itanyamula miyala. Anthu anafa nako kuseka. Mama Njoki anawakankhira mtedza. "Tengani, baba."

"Ayi zikomo, ndakhuta."

"Sawa." Mtedza unabwerera, nawonso anagogoda.

Kadi lachinayi linali thuu. A Lwitiko anagogodanso, akudikirabe kukakamizidwa. Mayi aja go, go. Amati akuluakulu, kapena ndikunena ndine, mbewa ukaigwira mchira usayambe kuifunsa za kwawo.

Kadi lomaliza: eyiti. Pamenepo mpamene a Lwitiko anadzuka, kukonza kolala, n'kukankha mulu wonse pakati. "Zonse!" Anandiponyeranso diso, eti.

Mama Njoki sanameze n'komwe mtedza. "Ndalowa." Anatembenuza sikisi ndi seveni. Pamodzi ndi za patebulo zija zinakhala faifi, sikisi, seveni, eyiti, naini, makadi asanu ondondozana, ndipo amenewo amagonjetsa maeyisi atatu. A Lwitiko anawerenga ndi chala kawiri konse, mwina n'kuganiza kuti seveni asintha maganizo.

"Pole, baba," anatero mayiwo powapepesa. "Ine ndinalibe kanthu. Mukanaponya ngakhale pang'ono poyamba paja, ndikanathawa. Koma mwandipatsa makadi aulere, ndikane bwanji? Komanso chiyambire masana mukati dziko lavuta, tonse timabisa timakobidi tathu."

Makina anga ndinawaona ndi maso angawa akukwezedwa papikapu ya matayala. M'matatu pobwerera, titafika ku Karen, a Lwitiko anandifunsa kuti, "Chapati ija munasungako?"

Loweruka lotsatira anavala kabudula, n'kukhala pampando ndi beseni, aneba ali pawindo kuchitira umboni.

"Mayi a Melissa, zochapa zilipo zambiri?"

Ine ndinausa moyo, kugwira tsaya. "Ayi bambo, sabata ino n'zochepa. Timatewera tokha."

Anasangalala, mpaka mluzu. Atamaliza anatambasula msana, n'kunena mokweza kuti aneba amve: "Basi? Ntchito imene mumalira nayo ija ndi imeneyi? Bweretsani zonse zimene muli nazo!"

Ndinalowa kuchipinda. Ndinatuluka ndi mabulangeti asanu, makatani a nyumba yonse ndi kapeti wa pabalaza.

Anayang'ana mulu uja nthawi yaitali. "Mayi, mumabisa?"

"Ndinaphunzira ku Parklands," ndinatero. "Kungoti ine ndinayamba ndaonetsetsa kuti mdani wanga si Mama Njoki."