Consolata, Mwana wa a Luckson

Aliyense amene anakwerako msewu wopita pamwamba pa phiri la Zomba amawakumbukira a Luckson, bambo amene ankanyambita miyala. Ankagulitsa miyala yokongola ija alendo amakonda kukaika pa shelefu, ndipo ukangoloza umodzi pa thebulo lawo, ankaunyamula, kuunyambita bwinobwino mbali zonse, n'kukupatsira m'manja uli chinyowere. Ankati mwala wouma ndi wabodza, maonekedwe ake enieni amatuluka ukanyowa. Botolo la madzi linalipo pansi pa thebulo, koma amenewo anali akumwa.

Ine ndimagulitsa mabulosi ndi sitiroberi pafupi ndi pomwe ankakhala, ndiye zambiri ndinaziona ndi maso angawa. Ndinaona mzungu akulandira mwala ndi nsonga za zala ngati wapatsidwa khoswe wakufa. Ndinaona mayi wa ku Lilongwe akutulutsa sanitaiza asanafunse n'komwe mtengo. A Luckson sankaonapo cholakwika.

"Madamu, musaope," ankatero. "Lilime ili lanyambita Malosa yense, silinadwalepo."

Miyala yambiri inkachokeradi ku Malosa, ina yoyera ngati galasi, ina yakuda yosongoka, ndipo imeneyo ankagulitsa osaiganizira kawiri. Koma panali umodzi wosiyana, waukulu ngati papaya, wofiirira ngati m'kati mwa gwafa wakupsa, wokhala ndi mizere yakuda yoyenda uku ndi uku. Anaugula kwa munthu wapaulendo uli chibuma chosaoneka bwino, ndipo anaukwecha okha kwa zaka, poyamba pa mwala wonolera, kenako ndi sandipepa ndi madzi, pomaliza ndi chikopa cha nsapato yakale, mpaka munthu n'kumadziona nkhope. Odziwa miyala ankautcha rodonaiti. A Luckson ankautcha Consolata. Iwo ndi akazi awo a Selina analibe mwana, ndipo tonse pamsewu tinangozolowera kufunsa kuti Consolata wadzuka bwanji.

Ofuna kumugula anali ambiri. Mlendo wina wa ku Jeremani anachita kugwada, koma a Luckson anangofunsa funso limodzi.

"Mukapita naye kwanuko, kuno kukagwa maliro, mwanayu adzafika tsiku lomwelo?"

Mlendoyo anati ayi, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Ndiye kunabwera a Faruk, mwini sitolo ya misomali ndi penti m'tauni, wokhala ku Mbedza. Kunyumba kwawo anali ndi kabati yagalasi yodzaza miyala yopukutidwa, koma rodonaiti munalibe, ndipo atamuona Consolata anaiwala kuzimitsa galimoto.

"Madala, uwu mukupanga bwanji?"

"Mwabwera nokha?"

"Eya, ndili ndekha."

"Ndiye mwabwera kudzafunsira mwana wa munthu popanda amalume anu? Kwanu amatero?"

A Faruk anaseka, poganiza kuti ndi njira yokwezera mtengo. Koma munthu akaufuna mwala amakhala ngati walodzedwa. Loweruka lotsatira anabwera ndi amalume awo enieni, a Sefu, nkhalamba ya chipewa choyera imene inangouzidwa kuti kuphiri kuli nkhani ya banja. A Luckson anawatengera kunyumba kwawo kumunsi kwa msewu, anayala mphasa, anaitana mlamu wawo kuti akhale nkhoswe. A Sefu anakhala akuyang'ana kukhomo kudikira mtsikana, mpaka anazindikira kuti mtsikanayo ndi amene ali m'mbale pakati pa mphasa. Ananyamuka, n'kukadzitsekera m'galimoto.

A Luckson sanatekeseke.

"Mbeta tavomera," anatero. "Koma kuno kwathu mwana wamkazi sachoka pamudzi. Mwamuna ndiye amabwera kudzakhala chikamwini. Za chitengwa, zoti mumutengere kwanu, tidzakambirana tikaona khalidwe lanu."

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse a Faruk ankasiya sitolo m'manja mwa antchito n'kukwera phiri. Munthu amene m'tauni amamuti bwana tinamuona akulima mbatata ya apongozi ndi nsapato zosongoka. Tinamuona akutunga madzi okwechera miyala. Denga likadontha ankakwera yekha. A Luckson ankakhala pa mpando kumalangiza, ndipo akatopa kulangiza ankamukhazika mkamwiniyo pansi n'kumufotokozera mzere uliwonse wa pa Consolata, uwu akuti ndi mtsinje wa Mulunguzi, uwu ndi njira ya ku Chingwe, uwu ndi ukali wa mayi ake. Ankacheza mpaka nkhungu itatsika.

Anaphunzitsidwanso kuti mkamwini sakumana maso ndi apongozi aakazi panjira. Tsiku lina a Selina anatulukira mwadzidzidzi pakona, ndipo a Faruk anadumphira m'tchire la mabulosi, aminga aja. Ndinathandiza kuwazula minga, ndipo mabulosi amene anaphwanya sindinawalipiritse.

Akazi awo a Nadia atatopa ndi nkhani ya Loweruka anakwera nawo.

"Ndimati ndimuone mkazi mnzanga," anatero.

A Luckson anamunyambita Consolata mwaulemu n'kumupereka. A Nadia anamutembenuza mbali zonse ndi nsonga ya mpango.

"Bola sadya," anatero, n'kugula sitiroberi kwa ine.

Nthawi ndi nthawi a Faruk ankayesa mwayi.

"Apongozi, nanga za chitengwa zija?"

"Inu mwanayu simunamunyambitepo n'kamodzi komwe. Mukamusamala bwanji?"

"Iyayi, zimenezo ndiye ayi. Ndili ndi kansalu kofewa kunyumba, kapadera."

"Kansalu! Ndiye mubwerenso Loweruka."

Enafe tinkati a Luckson akumudyera masuku pamutu mnzawoyo, ndipo ine ndinawauzapo a Faruk kuti rodonaiti angathe kuitanitsa kwina pa foni, n'kupumula. Anandiyankha kuti winayo sangakhale ndi Mulunguzi.

Chaka chatha m'nyengo yozizira manja a a Luckson anayamba kunjenjemera, moti Consolata ankamunyambita ali pa thebulo, kuopa kumugwetsa. Kenako anasiya kubwera pamsewu. A Faruk ndi amene ankawatsitsira kuchipatala ndi kuwabweza, mpaka ulendo wina anabwera nawo atagona kumbuyo, a Selina akulira pambali. Pamaliro anagwira ntchito ya mkamwini yonse, kuwaza nkhuni, kunyamula mabenchi a kutchalitchi, kuthamangira ufa. Consolata anali m'mbale yake pakhonde, ndipo anafikadi pamaliro tsiku lomwelo monga bambo ake ankafunira.

Anthu atabalalika, ine ndikutsuka mbale kuseri, a Selina anatuluka ndi mwala uja atakulunga m'chitenje.

"Tengani mkazi wanu," anatero. "Ine wandigonera pa pilo zaka zokwanira."

A Faruk anayang'ana kumbali, monga anaphunzitsidwira.

"Mayi, koma bambo sanavomere chitengwa."

"Anavomera kalekale, chaka choyamba chomwe. Kungoti ankati akakupatsani musiya kubwera."

A Faruk analandira ndi manja awiri, n'kukhala pa chitsa nthawi yaitali atafukata chitenje chija. Ine ndinamva chisoni, ndipo mbale imodzi ndinaitsuka kawiri.

Pamsewu pano pali anyamata ena ogulitsa miyala. Ali ndi kabotolo kopopera madzi, miyala yawo ndi yaukhondo, palibe mlendo amene amafuula kapena kufunafuna sanitaiza. Alendowo amagula msanga n'kumapita, ndipo masana amatalika. Thebulo la a Luckson likadalipo, palibe amene walitenga.

Loweruka galimoto ya a Faruk imakwerabe. Consolata amakhala pa mpando wakutsogolo atamumanga lamba, akuti akudzaona mayi ake. Asanatsikire kunyumba, a Faruk amamuika kaye pa thebulo lija kuti awothere dzuwa. Sabata yatha ndinawaona akuyang'ana kumtunda, kuyang'ana kumunsi, kenako anawerama msangamsanga n'kumunyambita. Mwala uja unafiira, mizere yonse inatuluka. Ine ndinapitiriza kusanja sitiroberi zanga ngati sindinaone kanthu.