Tsiku limene ndinakwirira maenje a azungu pa Dedza

Kwathu ku Kaphuka kuli anthu amene mpaka lero akandiona nditanyamula khasu amayamba kutsokomola kuti abise kuseka. Ndiye ndaona kuti ndi bwino nkhaniyi muimve kwa mwini wake, chifukwa imene ikuyenda m'midzimo yamera mapiko ndi mchira womwe.

Zinachitika nkhondo ya Ajeremani isanayambe, ndili mnyamata wa mphamvu zambiri ndi nzeru zokwanira kuvala nsalu osaitembenuza. Ndinali nditafunsira mbeta, Nabanda, ndipo mawu onse a ukwatiwo anali m'kamwa mwa atsibweni ake, a Pindani. Mkulu ameneyu ankandiyang'ana ngati mmene munthu amayang'anira mbuzi yotsokomola pamsika. Ndinaganiza kuti ndikagwire ntchito pa Boma kuti andione kuti ndine munthu.

Ntchito ndinaipezadi, ku bwalo la gofu. Kwa inu amene simunaonepo, gofu ndi masewera amene munthu wamkulu, wa ndevu zake, amamenya kampira koyera ndi ndodo, n'kukalondola, akakapeza n'kukamenyanso. (Ine nthawi imeneyo sindinkadziwa ngakhale zimenezi. Ndinkangodziwa kuti ndi munda wa azungu umene sudzalidwa kanthu.) Bwalolo linali lawo okha, lotchingidwa ndi khonje, ndipo munthu wakuda ankalowamo pokhapokha atanyamula khasu kapena thumba la ndodo.

Chaka chimenecho ankalikonzanso. Kunabwera mzungu wina wamtali wochokera ku Kabula, amene ankayenda ndi chingwe uku akuloza apa ndi apo. Iye anati bwalo lisunthire kumunsi, kumene kunali dothi la mchenga, chifukwa kumtunda kunkachita matope nthawi ya mvula. Anzanga anagwetsa mitengo, nasalaza malo ena ozungulira ngati lichero, nathirapo mchenga wosefa. Ine ndinafika ntchito ili kumapeto, choncho palibe amene anavutika kundifotokozera kanthu. Ndipo ine, pokhala munthu wofuna ulemu, sindinafunse. Kufunsa ndinkakuona ngati khalidwe la anthu akumudzi.

Uthenga umene ndinatumiza kwathu unali wakuti ndine woyang'anira munda wa bwana. Si bodza lenileni, chifukwa ndinkauyang'anadi, makamaka kapitawo akapita kumthunzi.

Madzulo ena kapitawo wathu, a Yohane, anandiitana.

"Iwe wa ku Kaphuka, mawa kukubwera alendo ochokera ku Zomba kudzatsegulira bwaloli. Mfuko ndi nguluwe zatikumbira paliponse. Uzungulire monsemu. Ndisapeze dzenje ngakhale limodzi, wamva?"

"Ngakhale limodzi, akapitawo?"

"Kodi ndalankhula Chingoni?"

Iwo ndi anzanga onse anapita kukakonza msewu wodzera machila a alendo. Bwalo lonse linatsala m'manja mwanga, ndipo ndinamva mutu ukukula.

Ndinayamba bwino. Ndinakwirira maenje a mfuko, ndinakwirira mofukula nguluwe. Kenaka ndinafika pa malo ozungulira aja, osalala ngati pamphasa, ndipo ndinaima kukamwa kuli yasa. Pakati penipeni panali dzenje! Lozungulira bwino, lakuya kufika pachigongono cha mwana, ndipo mkati mwake wina anali atatayamo kachitini. Ndinapukusa mutu. Anzanga anasefa mchenga mpaka manja kutupa, koma dzenje loonekeratu chonchi osaliona? Anali atazikapo ngakhale kamtengo ka nsanza yofiira, ndipo ine ndinamvetsa msanga kuti chimenecho chinali chizindikiro chakuti pano pafunika kukonza. (Mukuona nzeru zimenezo? Palibe anandithandiza.)

Ndinazula kamtengoko, ndinatulutsa chitini, ndinathira dothi, ndinapondaponda ndi chidendene, ndinawaza mchenga pamwamba n'kusalaza ndi thabwa. Ngakhale mfiti sikanadziwa kuti panali dzenje. Ndinachita chimodzimodzi pa malo onse osalala aja, mpaka kumapeto kwa bwalo. Timitengo ta nsanza ndinatimanga mtolo n'kukatiika bwinobwino kuseri kwa nyumba ya zipangizo. Zitini ndinasunga, chifukwa chitini masiku amenewo chinali chuma.

Mwayi wanga, kapena tsoka langa, m'mawa mwake a Pindani anatulukira pa Boma atasenza nyemba zokagulitsa kwa amwenye. Ndinawathamangira, ndinagwada, ndipo ndinawapatsa chitini chimodzi chonyezimira kuti azisungiramo fodya.

"Zikomo," anatero akuchitembenuza. "Ndiye munda wakowo uli kuti?"

"Tiyeni mukaone, atsibweni. Lero kuli alendo akuluakulu. Muime kuseri kwa khonje, muone ntchito ya manja anga."

Ndinawasankhira ndekha malo oonekera bwino. Ndekha, ndi pakamwa pangapa.

Alendo anafika pa machila, onyamula ali thukuta kamukamu, iwo ali owuma ngati chimanga cha m'nkhokwe. Anavala zipewa zazikulu ndi makabudula otukumuka. Mzungu wa ku Kabula uja anayankhula mawu ambiri akuloza bwalo lake, anzake akuomba m'manja. Kenaka mlendo wamkulu, wonenepa, wa ndevu zopotana m'mphepete, anamenya kampira koyamba. Onse anakalondola, ndipo patapita kanthawi kanafika pamchenga wanga wosalala uja.

Mlendoyo anawerama. Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere. Anazungulira. Anzake anayamba kuzungulira naye, mitu pansi, ngati nkhuku zofuna mapira. Wina anagwada n'kumasisita mchenga ndi chikhatho. Ine ndili pataliko ndinati mumtima, aonetu, akusirira.

Mzungu wa ku Kabula anafiira khosi mpaka makutu. Anakuwa dzina la a Yohane, ndipo a Yohane anabwera akuthamanga chipewa chili m'manja. Atamva funso, anatembenukira kwa ife antchito.

"Ndani wagwira pano?"

Munthu wanzeru akanayang'ana kumwamba n'kumawerenga akhwangwala. Ine ndinatuluka pamzere, chifuwa patsogolo, ndipo ndinakweza mawu kuti afike kuseri kwa khonje.

"Ndine, akapitawo! Onse ndakwirira. Simupeza ngakhale limodzi."

A Yohane anatseka maso kwa nthawi yaitali ndithu. Atawatsegula anayankhula motsitsa, ngati munthu wa pamaliro.

"Mwana iwe, anthu awa achoka ku Zomba, agona m'njira, kudzafuna dzenje limenelo. Masewera onsewa ndi dzenjelo. Likumbe. Tsopano lino."

Apa ndi pamene ntchito yanga yabwino inandiukira. Ndinali nditasalaza mwaluso kotero kuti ine mwini sindinadziwe pamene panali dzenje. Ndinakumba pakati, ndinapeza dothi lolimba. Ndinasuntha pang'ono, ndinakumbanso. Palibe. Ndinakumba kachitatu, thukuta likulowa m'maso, azungu atandizungulira atatsamira ndodo zawo. Posakhalitsa mchenga wosefa uja unkaoneka ngati pamene ana asakapo mbewa.

Ndipo mawu anamveka kuchokera kuseri kwa khonje, omveka bwino ngati belu la tchalitchi.

"Mkamwini! Mbewa sakumba choncho! Yamba wapeza kumene yatsekera, ulondole dothi lofewa!"

Anzanga antchito anagwa pansi ndi kuseka. Onyamula machila anaseka. Mlendo wonenepa anafunsa kuti mkuluyo wati chiyani, ndipo womasulira, Mulungu amukhululukire, anamasulira zonse. Mlendoyo anaseka mpaka kukhala pansi pamchenga. Yekhayo amene sanaseke ndi wa ku Kabula, amene anali atangoona chinthu china: a Pindani, pofuna kuonetsa kuti nawonso ndi munthu wa zinthu, anali atatulutsa chitini chija n'kumatapamo fodya poyera.

Sindifotokoza mmene ndinayendera kuchoka pamchengapo kukafika pa khonje kukapempha atsibweni a Nabanda kuti andibwezere mphatso. Ndingonena kuti mtunda umenewo ndi wautali kuposa wochokera ku Kaphuka kufika ku Lobi. Anakhuthulira fodya wawo m'dzanja mosafulumira, anapukuta chitinicho ndi nsalu yawo, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Pita nacho, bwana woyang'anira," anatero.

Alendo anasewera tsiku limenelo ndi maenje atsopano amene a Yohane anakumba mongoyerekeza, ine ndikuthamanga patsogolo pawo ndi mtolo wa timitengo ta nsanza. Dzuwa lisanalowe ntchito inali itandithera, ndipo ndinabwerera ku Kaphuka pambuyo pa a Pindani. Njira yonse sanandinyoze ngakhale pang'ono. Ankangoima pa mudzi uliwonse kupempha madzi akumwa, ndipo madziwo ankawamwa pamodzi ndi nkhani yanga.

Nabanda anandilola ndithu. Anati mwamuna amene amachita zimene wauzidwa mpaka kupitirira ndi wosowa, ndipo iye adzadziwa mmene angamugwiritsire ntchito. (Anadziwadi. Imeneyo ndi nkhani ya moyo wanga wonse.)

Mwina mukuyembekeza kuti ndinene kuti ndinaphunzira kufunsa ndisanagwire ntchito. Ndikanakonda kutero. Koma ine mpaka lero ndimati a Yohane anati ngakhale limodzi, ndipo munthu amene wayenda kuchokera ku Zomba kudzafuna dzenje akanatha kukumba lake kwawo komweko.

Ntchito yoyamba imene anandipatsa pa chikamwini inali yokumba maenje odzalamo nthochi kudimba. A Pindani anabwera ndi kampando kawo n'kukhala pamthunzi kuyambira m'mawa. Nditawauza kuti asavutike, ntchitoyi ndiitha ndekha, anagwedeza mutu.

"Kukumbako sindikukayika, mkamwini," anatero. "Ine ndikulondera kuti ukamaliza uwasiye."