Munda wa Tatu Unali Pansi pa Bwato

Malemu Che Zaidi a ku Chia ankadana ndi kuyenda pansi. Kumzikiti, kumaliro, ngakhale kokapala moto, iwo pa bwato basi! Ena amati anabadwira m'bwato. Limenelo ndi bodza, ndinafunsa mayi awo. Koma zoti ankapalasa m'mawa wonse kuzungulira dambo kuti akafike kwa mlongo wawo, pamene wapansi amangodumpha ngalande imodzi, ndinaziona ndi maso angawa.

"Che Zaidi, miyendoyo Mulungu anakupatsirani chiyani?" tinkawafunsa.

"Yopondera bwato lingathawe!"

Chaka cha kolera m'pamene tinawadziwa bwino. Matenda anafika nthawi yodzala mpunga. Misika inatsekedwa, kugwirana chanza kunaletsedwa, minda yambiri inagona. Mlongo wawo uja, Tatu, anaika mwamuna wake n'kutsala ndi ana anayi, mbewu alibe. Kenako tinamva kuti boma lipereka mbewu ndi kandalama kwa alimi ovutika, koma mlangizi ayambe wauona munda ndi maso ake.

Mlangiziyo, Bambo Sailesi, anabwera ndi chingwe choyezera, nsapato zili waliwali. Kwa Tatu anapeza madzi okhaokha, pakuti nyanja ya Chia inali itasefukira.

"Mayi, ine ndimayeza minda, osati nyanja. Sindilemba."

Tatu anangogwira pakamwa. Nthawi yomweyo bango linagwedezeka, Che Zaidi tulukiru!

"Bwana, kwerani. Munda ulipo, wangofunda."

"Achipatala aletsa kukhudza madzi amenewa!"

"Ndani wati mukhudze? Inu mungokhala phee ngati mkwatibwi."

Atatu mwa ife tinawanyamula alangiziwo n'kuwakhazika pakati pa bwato, maondo kuchibwano, buku pamutu. Che Zaidi anapalasa pang'ono n'kuzika nsungwi.

"Apa m'pamalire a munda wa Tatu ndi wa Adamu. Gwirani chingwe."

"Ndidziwa bwanji kuti pansipa pali munda? Mwina mukundiyezetsa bwalo la ng'ona."

Che Zaidi anavula kofiya, mmene ankasungamo khadi la chipani, n'kuwagwiritsa alangizi. Kenako m'madzi phava! Bwato linapendama, Bambo Sailesi n'kuyamba kuitana mayi awo a ku Dedza. Ife kumtunda mitima m'mwamba. Posakhalitsa mutu unavuuka, dzanja lili ndi ziputu za mpunga wa chaka chatha, matope ali chuchuchu.

"Ng'ona zakwanu zimadzala mpunga wa faya, bwana?"

Tinakuwa mpaka abakha anathawa! Pofika ngodya yachitatu ya mundawo, alangizi anali akuchonderera: "Ndakhulupirira, achimwene! Ndalemba kale! Tibwerere!"

"Ayi bwana, boma lati muone ndi maso. Yatsala imodzi."

Che Zaidi anamira ngodya zonse zinayi. Atatuluka, achipatala anawasambitsa mankhwala, ndipo ananunkha sabata yathunthu, akazi awo n'kumawapatsira chakudya panja. Kunena zoona, chimene anachitacho chinali choopsa, ndipo ndinawadzudzula. Iwo anangoti, "Ana anayi aja ukanawadyetsa iwe?" 

Tatu analandira mbewu, ndipo madzi ataphwera anawokera. Ana onse anakula. Kolera sanawagwire Che Zaidi. Chinawatenga ndi chifuwa, patapita zaka zisanu ndi chimodzi.

Chaka chino madzi adzazanso. Dzulo mwana wa Tatu ndi mwana wa Adamu anaima m'mphepete, aliyense akuloza pake, kukangana za malire. Anandiitana kuti ndiwaweruze. Ndinayang'ana madziwo nthawi yaitali, bango lili zii. Ndinawauza kuti adikire aphwe, chifukwa amene ankadziwa za pansipo tinawaika kale.