Maziro Atatu a Amayi Anga

Wolemekezeka Bwana Mkulu wa Kampani ya Madzi,

Ndisanapemphe kanthu, ndiloleni ndikumbukire zakale pang'ono. Ndinali ndisanamere imvi tsiku limene malemu bambo anga anafika kunyumba akuimba mluzu, m'thumba la jekete muli mpopi wamkuwa, m'dzanja muli kakhadi ka kampani yanu. Pakhadipo panalembedwa nambala 9. Anthu asanu ndi atatu okha ndiwo anawayambirira kulembetsa madzi m'dera lathu lonse. Bambo anauza amayi kuti atsanzikane ndi ndowa zawo, ndipo amayi, pokhulupirira mwamuna wawo, anataya nkhata. Sabata isanathe anapota ina.

Bambo anatisiya. Mpopi uja uli m'kabati pakati pa makapu a alendo, ndipo amayi amaupukuta Loweruka lililonse. Sunalawepo dontho, koma mumsewu wathu mulibe wina wonyezimira ngati umenewu.

Zothokoza zanga ndaziika manambala motere kuti makina anu asazisokoneze.

0001. Zikomo pogula kompyuta. Mwana wanga wamkazi, amene ntchito yake ndi kulemba mapulogalamu, anayang'ana mzere wa odikira madzi umene mumaika pa intaneti, ndipo anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. Akuti makina anu amatenga nambala ngati dzina: amayang'ana chizindikiro choyamba, basi. Choncho 10 amatsogola 9, ndipo 1500 nayenso amatsogola 9, chifukwa onsewa ayamba ndi 1. Aliyense wolembetsa lero amakaima kutsogolo kwa amayi. Akuluakulu ankati wofulumira adadya gaga. Inu mwambiwu mwaulowetsa m'kompyuta.

0002. Zikomo potipatsa anansi abwino. Wometa wa kuseri kwathu anabwera chaka chathachi, madzi ali nawo kale, ndipo amalola amayi kutunga pampopi wake. Amawatcha “agogo a nambala wani” osadziwa kuti akuwalasa pachilonda. Vuto lokha ndi maondo a amayi. Adokotala akuti ndowa aisiye, ndipo mchimwene wanga wakonza kale chipinda kuti awasamutse m'nyumba imene bambo anamanga. Amayi akuti sachoka mpopi wa mwamuna wawo usanatulutse madzi, ngakhale odzaza kapu imodzi. Mchimwene wanga naye wanena kuti mvula ikangoyamba, msewu n'kuyamba kuterera, abwera ndi galimoto.

0003. Zikomo chifukwa cha kusamala kwanu. Mwana wanga akuti mankhwala ake ndi ochepa: kuika maziro kutsogolo kuti manambala onse atalike mofanana. Nambala 9 ikavala maziro atatu n'kukhala 0009, imabwerera pamalo pake. Akuti ndi mzere umodzi wa pulogalamu, woti munthu amalemba madzi a tiyi asanawire. Nditakafotokoza zimenezi ku ofesi yanu, kalaliki anandiyankha mwaulemu kuti ziro si kanthu, ndipo kampani yaikulu chotere singaitanitse msonkhano pa chinthu chimene si kanthu. Ndinamuvulira chipewa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, Bwana, ndipo amayi nkhono aziona zambiri, makamaka m'njira ya kwa wometa uja.

Tsopano nkhani yabwino. Dzulo alembi anu anaimba foni kuti mwavomera kutiona Lachinayi likudzali, ndipo atipatsa nambala 2. Amayi anavina atakhala pansi. Mdzukulu wawo anafunsa kuti odzakuonani tsikulo ndi angati, ndipo atamva kuti akuyandikira makumi awiri, anatiuza kuti a nambala 10 mpaka 19 adzayamba ndiwo kulowa. Musadandaule, tidzabwera ndi kampando.

Pempho langa ndi laling'ono, ndipo ndalipereka nditagwada. Tibwerekeni maziro atatu. Ngati m'nkhokwe ya kampani munatha, amayi akuti adzabweretsa awo: timphete titatu ta labala timene bambo anagulira pamodzi ndi mpopi uja. N'tozungulira bwino, tatsopano ndithu. Mwa chisomo chanu, sitinanyowepo.

Ine wanu wodzichepetsa,

Mwana wa Nambala 9