Amuna Anga Alephera Mayeso Chifukwa Chozimitsa Moto

Kwa Wolemekezeka Mkulu wa Sukulu Yophunzitsa pa Intaneti,

Bwana,

Ndagwada pamaso panu, ngakhale kuti maso anuwo sindinawaonepo. Ndikukulemberani kudzera m'nyuzipepala chifukwa ndasowa khomo loti ndigogode. Nditafunsa kumene kuli ofesi yanu, amuna anga anandiuza kuti sukulu yanu ili paliponse. Ine kusaphunzira kwangaku ndimadziwa kuti amene ali paliponse ndi Mulungu yekha, ndiye mundikhululukire ngati ulemu wanga ukuperewera.

Ine ndine mayi wosoka zovala, mkazi wa mmodzi mwa ophunzira anu. Amuna anga amagwira ntchito kufakitale ya sopo, komwe kwa zaka zambiri akhala akuphunzitsa antchito atsopano kusamala makina ndi kuzimitsa moto. Anzawo kumeneko amawatcha a Zimani. Chaka chino mabwana awo analamula kuti aliyense wophunzitsa anzake akhale ndi satifiketi ya kaphunzitsidwe ka akuluakulu pogwiritsa ntchito zipangizo zamakono, apo ayi akapume kunyumba. Umu ndi mmene bambo a ana anga, imvi zili mbuu, analowera sukulu yanu atakhala patebulo langa lodulirapo nsalu. Ndiye ndati ndiyamike, paja munthu wosayamika ndi mfiti.

Choyamba, zikomo pondisinthira mwamuna. Kale tikayambana ankangotuluka n'kukakhala pakhonde mpaka mtima utatsika. Pano amayamba anena zolinga. Tsiku lina nditawafunsa chifukwa chimene anasiyira tawulo lonyowa pansalu ya kasitomala, anakonza kukhosi n'kunena kuti, "Mayi a kunyumba, pofika kumapeto kwa mkangano uno, mukhala mutadziwa zinthu zitatu." Titamaliza anandipempha ndinene ngati mkanganowo unali wabwino kwambiri, wabwino chabe, kapena wofunika kukonza. Ndinati wofunika kukonza, iwo n'kundithokoza chifukwa cha maganizo anga. Bwana, munthu ungamukalipire bwanji mwamuna amene akukuthokoza?

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha phunziro lija lakuti munthu wamkulu satha kumvetsera nthawi yaitali, amafuna kugwira chinthu ndi manja ake. Mfundo imeneyi anaifotokoza bwino zedi pulofesa wanu wa tayi yofiira, pavidiyo imene inayamba ine ndikudula diresi n'kudzatha nditaika kale mabatani. Mkuluyo sanapume, sanamwe ndi madzi omwe. Amuna anga anatsimikiza okha kuti mfundoyo ndi yoona, poti ndinawapeza akuliza mkonono, mahedifoni ali kukhutu. Kuphunzitsa kotere, kopereka umboni pompopompo, n'kosowa masiku ano.

Chachitatu ndi makina anu olondera mayeso. Ali ndi maso akuthwa. Pamayeso oyamba anaona nkhope zitatu m'chipinda, n'kulemba kuti wophunzira akuuzidwa mayankho. Nkhope ziwiri zinazo zinali za pachithunzi chathu cha ukwati chimene chinali kukhoma, ndiye kuti mmodzi mwa onong'oneza mayankhowo anali mwini mayeso yemwe, akadali ndi tsitsi lakuda. Chithunzicho tinachitsitsa, pano chili kuseri kwa kabati. Amayi anga ondibereka, amene timakhala nawo pakhomo pano, atangoona msomali wopanda kanthu anandikokera pambali n'kundifunsa ngati banja likutha. Ndinawauza kuti ayi, ndi maphunziro chabe. Anapukusa mutu n'kunena kuti ambiri amayamba choncho.

Chachinayi, ndiyamikire lamulo lanu lakuti wophunzira aliyense azitamanda zolemba za anzake. Ndinawapeza bambo akulembera mayi wina wakutali kuti, "Mfundo zanu zandikhudza kwambiri." Ine chikwatiwire sanandiuzepo kuti mfundo zanga zawakhudza. Anandifotokozera kuti akapanda kutero malikisi achepa, ndipo pofuna kundiziziritsa mtima anandionetsa mmene aphunzitsi awo amawayankhira nthawi zonse kuti, "Mfundo yozama, pitirizani." Ine ndinalakalaka kulawako kukoma kumeneko. Atapita kukasamba, ndinakhala pampando wawo n'kulemba kuti, "Ulusi wakuda watha, ndipo mphaka wa a neba waswa." Ndisanadzuke n'komwe, yankho linali litafika: "Mfundo yozama, pitirizani." Bwana, misozi inalengeza. Sukulu ndinalekezera panjira, sindinkadziwa kuti ndili ndi nzeru zotere.

Koma chimene chandigwiritsa cholembera ndi mayeso omaliza.

Lamulo lanu linali lakuti wophunzira apeze akuluakulu anayi, awaphunzitse luso limodzi pavidiyo ya pafoni, ajambule zonse n'kutumiza. Ophunzirawo asakhale malo amodzi ndi mphunzitsi, mphunzitsi asachoke pakamera, ndipo ophunzira asachotse maso pafoni. Amuna anga anasankha chimene amachidziwa ngati dzina lawo, kuzimitsa moto. Anakonzekera ngati mkwati. Anajambula zithunzi, anayeserera kulankhula pagalasi, anabwereka kuntchito botolo lofiira lija lozimitsira moto n'kuliika patebulo ngati mlendo wolemekezeka. Akuluakulu anayiwo tinali ine, amayi anga, mlamu wanga wometa tsitsi, ndi a neba okonza nsapato, amene anavomera atamva kuti kumapeto kuli tiyi.

Nyumba yathu ndi yaing'ono, koma mtunda umene mumafunawo tinaupeza. Amuna anga anaika amayi kuchipinda, a neba pakhonde, mlamu kubafa poti n'kumene netiweki imagwira bwino, ine kukhitchini. Iwo, monga aphunzitsi, anatsala pabalaza atavala jekete ndi tayi, kumunsiku kabudula ndi patapata, chifukwa kamera yanu ndi yaulemu, siyang'ana pansi pa tebulo.

Mavuto anayambira pamoni. Aphunzitsi akati, "Muli bwanji nonse," mawuwo ankatipeza kawiri, koyamba kudzera pakhoma, kachiwiri pafoni, ndipo amayi ankayankha moni yense kuti asaoneke amwano. Pafoni yawo tinkangoona khutu, chifukwa iwo foni amaiika kukhutu basi, ndipo palibe mkamwini angawauze zina. Mlamu kubafako ankamveka ngati akulalikira m'chitsime. Kenako pakhonde panafika kasitomala wa a neba kudzafuna nsapato yake, ndipo kalasi yonse inamva mbiri ya chidendene chimene chinamatuka pamaso pa azilamu ake. Apa aphunzitsi anachita zimene munawaphunzitsa. Anadina kabatani kotitseka pakamwa tonse, n'kulengeza kuti wofuna kulankhula adine kadzanja kachikasu, ndipo mafunso ndi kumapeto. Bwana, kabatani kameneka amuna ambiri akhala akukapempherera. Chonde musakaike pamsika.

Ine ndinali nditaika mafuta pamoto kuti ndikazinge mazira a tiyi uja, poganiza kuti za moni zitenga nthawi. Koma aphunzitsi anakumbutsa kuti maso onse akhale pafoni, chifukwa makina amadziwa amene akuyang'ana kumbali. Monga mkazi womvera, ndinafulatira chitofu n'kuyang'anitsitsa chithunzi cha moto chimene ankationetsa. Chinali chokongola ndithu. Ndinayamba kugoma kuti sukulu yanu yafika potumiza ndi fungo lomwe, ngakhalenso kutentha kumsana. Pocheuka, chiwaya chili lawilawi, moto ukunyambita katani ya pawindo.

Ndinakuwa kuti, "Moto!" Koma foni inali yotsekedwa mawu ndi kabatani kaja, ndipo mahedifoni anali atatseka makutu a aphunzitsi. Ndinakuwanso. Iwo anandiuza pambuyo pake kuti anamvako kenakake chapatali, ndipo anakondwa kuti wophunzira mmodzi akutsatira bwino mutu wa phunziro. Ndinadina kadzanja kachikasu. Anandiyankha mwaulemu kuti, "Ndakuonani mayi a kukhitchini, funso lanulo lisungeni kaye."

Anatipulumutsa ndi amayi, amene za mabatani analibe nazo ntchito. Atamva fungo la utsi anatuluka kuchipinda foni ikadali kukhutu, anafika pabalaza, manyazi a upongozi anawaika pambali, n'kuwavula mahedifoni akamwini awo. "Bambo inu," anatero, "wapachithunziwo tausiyani, weniweni uli uko."

Apa ndiye ndinamuonanso mwamuna amene ndinakwatiwa naye. Anadumpha mpando, botolo m'manja, tayi kumsana. A neba anali atalowa kale ndi ndowa ya madzi, koma bambo anawagwira mkono. "Madzi pamafuta ayi, achimwene, mutiotcha tonse!" Anazimitsa chitofu, anavundikira chiwaya, ndipo ataona kuti katani yangoyaka mbali imodzi, botololo anawagwiritsa amayi, manja awo ali pamwamba pa manja a apongozi. "Amayi, sololani kachitsulo aka. Lozani pansi pa motowo, osati pamwamba. Finyani tsopano." Amayi anafinya ndi mphamvu zonse za ukalamba wawo, khitchini yonse inayera mbee, moto n'kuzima. Mlamu anatuluka kubafa zonse zitatha, akufunsa ngati tafika pamafunso.

Tinataya katani, chiwaya, ndi nsidze yanga yakumanzere. Tiyi tinamwa wopanda mazira. Vidiyo inajambulika yonse: mpando wopanda munthu, kabudula akudutsa ngati mphepo, ndi mawu onse a kukhitchini akumveka bwinobwino. Nthawi yojambulanso panalibe, poti tsiku lomaliza kutumiza linali lomwelo, ndiye bambo anatumiza momwemo, ndi mawu ofotokoza zimene zinachitika.

Zotsatira sizinachedwe. Alephera. Zifukwa mwazilemba momveka bwino, tikuthokoza. Mphunzitsi anachoka pakamera. Mphunzitsi anakumana ndi ophunzira maso ndi maso. Ophunzira sanaonetse kumvetsa kwawo kudzera pazipangizo zamakono. Ine ndikugwirizana nanu, bwana. Munthu wofuna maphunziro apamwamba ayenera kudziwa chofunika kwambiri pakati pa kamera ndi nyumba. Akanapirira pampando paja mpaka kumapeto, lero bwenzi tili ndi satifiketi, kungosowa khoma loipachikapo.

Ndivomerezenso kuti ophunzira a tsiku limenelo sakusonyeza khalidwe la anthu amene mphunzitsi wawo analephera. Amayi azungulira kale nyumba zonse za mumsewu wathu kuphunzitsa azimayi anzawo kuvundikira chiwaya, ndipo akudandaula kuti botolo lija linabwerera msanga kufakitale. A neba sapereka nsapato kwa kasitomala asanamuuze kuti madzi pamafuta ayi. Ndawachenjeza onse kuti nzeru zimenezi n'zosavomerezeka, chifukwa zinalowa mosatsata ndondomeko, koma zakana kutuluka.

Amuna anga akulemberani madandaulo kangapo. Nthawi iliyonse yankho limafika asanachotse chala pabatani, lonena kuti uthenga wawo ndi wofunika kwambiri kwa inu. Ayimbanso nambala yanu ya chithandizo, ndipo nyimbo imene mumaika podikira tsopano banja lonse tikuidziwa, mpaka mlamu amaiimba pometa. Mabwana a kufakitale anena kuti adikira mpaka kutha kwa mwezi uno basi.

Apa ndilankhule mosaseka pang'ono, bwana. Bambowa asiya kudya bwino. Akaweruka amangokhala pakhonde nsapato zakuntchito zili kumapazi, kuyang'ana msewu. Dzulo ndinawaputa dala kuti mwina tikangane monga mwa masiku onse, koma anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Kapena ndakalambadi, mayi." Mwamuna ameneyu anaphunzira kugwira kompyuta atakula kale, osadandaula, chifukwa amaikonda ntchito yake. Zimene munamuphunzitsa zoti wamkulu amaphunzira pogwira ndi manja, iye anazikhulupirira kuposa eniakenu.

Pempho langa ndi laling'ono, lolingana ndi munthu wa singano ngati ine. Sindikupempha malikisi aulere. Ndikupempha kuti pasukulu panupo papezeke munthu mmodzi wamagazi, wa makutu awiri, amvetsere vidiyoyo mpaka kumapeto mwezi usanathe. Akapeza kuti palibe wamkulu amene anaphunzira kanthu tsiku limenelo, tivomera, ndipo bambo azikhala pakhomo kumandipindira nsalu. Koma ngati mwafufuza maofesi onse n'kupeza kuti munthu wotereyo kulibe, kuti nonse munatisiya kalekale n'kutsala makina okha akuyankha makalata, chonde musatibisire maliro. Tiuzeni tsiku ndi malo tibwere tidzakhuze. Pakhomo pano tinaleredwa bwino, chipepeso sititumiza pafoni.

Ine wanu wogwada mpaka mawondo kuwawa,

Mkazi wa wophunzira wanu, mayi wosoka zovala.